Mlendo Woyenda ndi Bafa Lake Akasamba Kuti?

Chilimwe chapitachi ndidagona masiku atatu pamalo ena ofikira alendo m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, komwe tidali ndi maphunziro a makomiti a madzi ochokera m'midzi yozungulira. Malowo ndi aja amene mlendo salipira chipinda ayi, koma kagawo ka mchenga pansi pa mtengo pomwe amadzikapo tenti kapena kuimikapo galimoto yake. Bafa ndi chimbudzi n'za onse, ndipo zili pakati pa bwalo.

Kumapeto kwa bwalolo kudaima galimoto yoyera, yaitali kuposa minibasi, ya nambala za ku South Africa. Eni ake adali bambo ndi mayi achikulire, opuma pantchito, amene adali atadutsa kale ku Botswana ndi ku Zambia. Galimoto zamtunduwu pa Chingerezi amazitcha motorhome, ndipo ndi nyumba yeniyeni yoyenda pa matayala. Muli bedi, mbaula ya gasi, furiji, motsukira mbale, komanso kachipinda kokhala ndi chimbudzi ndi shawa. Mlonda wa pamalopo adali atasuzumiramo, ndipo tsiku lonse adakhalira kutisimbira zimene adaona.

N'chifukwa chake m'mawa mwake tonse tidadabwa kuona bambo aja akutuluka, thaulo paphewa, sopo m'manja, n'kukaima pamzere wa bafa la anthu onse, kumbuyo kwa anyamata awiri ogona m'tenti. Mlonda adapukusa mutu n'kundifunsa ngati munthu wanzeru zake angasiye bafa la ndalama zankhaninkhani n'kumakadikira bafa la mpanda wa nsungwi. Ine ndidangoseka. Koma funso lakelo lidandikhala mumtima, pakuti yankho lake likukhudza mudzi uliwonse umene umalandira alendo otere kapena ukuganiza zoyamba kutero.

Nyumba ilipo, chitsime palibe

Galimoto yotere imanyamula zotengera zitatu. Choyamba ndi thanki ya madzi abwino, yomwe m'galimoto zambiri imalowa malita pafupifupi 100. Chachiwiri ndi thanki yolandira madzi osambira ndi otsukira mbale akatha ntchito. Chachitatu ndi kabokosi ka pulasitiki kamene kamakhala pansi pa chimbudzi, kolowa malita pafupifupi 20 basi, ndipo kakadzaza amakasolola kudzera pakachitseko ka kunja kwa galimoto.

Tsono tiwerengere limodzi. Malita 100 ndi ndowa zisanu zokha, zija za malita 20 zimene amayi amasenza kuchokera kumjigo. Shawa wamba imatulutsa malita pafupifupi 10 pa mphindi imodzi. Anthu awiri aliyense akasamba mphindi zisanu, thanki yauma, pomwe sadaphike, sadamwe tiyi, ngakhale kutsuka mbale. Choncho wosamba m'galimoto sasamba momasuka. Amatsegula madzi pang'ono kuti anyowe, n'kutseka, n'kudzipaka sopo, kenaka n'kutsegulanso kuti atsukuluze. Mwachidule, amasamba monga momwe timasambira ife ndi ndowa ndi kapu, kungoti iye ali m'kachipinda kothina moti chigongono chimagunda khoma akamadzikhula kumsana.

Madzi ndi olemeranso. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki yodzaza ikufanana ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ndipo galimoto yolemedwa imamwa mafuta ambiri. Kutenthetsa madziwo kumadya gasi. Nthunzi ikatsekeredwa m'kanyumba kakang'ono imabweretsa chinyontho ndi chuku. Ndiye kabokosi kaja, anthu awiri akamakagwiritsa ntchito usana ndi usiku, kamadzaza pa masiku awiri kapena atatu, mwini wake n'kuyamba kufunafuna kokatayira. Ntchito imeneyo palibe amene amaikonda.

Apa mpamene padagona nzeru za bambo aja. Sadali ouma manja kapena osokonezeka mutu. Ankadziwa kuti nyumba adayenda nayo koma chitsime adachisiya. Akasamba kubafa la onse amasunga madzi awo akumwa, amasunga gasi, amatambasula manja momasuka, ndipo tsiku lokoka kabokosi limatalikira. Komanso bafa la onselo adali atalilipira kale pachipata.

Nanga bafa la m'galimoto n'lantchito yanji?

Wina angafunse kuti ngati zili choncho, amavutikiranji kuyenda ndi chimbudzi. Yankho loyamba ndi usiku. Amene mudagonako kufupi ndi Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, mukudziwa kuti kukada mvuu ndi njovu zimayendayenda pakati pa matenti. Ku Botswana, m'nkhalango za Chobe ndi Moremi, malo ambiri ogona alendo alibe mpanda, ndipo pa Savuti mabafa adachita kuwazinga ndi chikhoma cholimba poopa njovu zofuna madzi. Kumalo otere munthu akapanikizika pakati pa usiku sangayende mtunda mumdima ndi katochi kokha m'manja. Chimbudzi cha m'galimoto chimamupulumutsa.

Yankho lachiwiri ndi thupi la munthu. Ambiri mwa oyenda m'galimoto zoterezi ndi achikulire, ena a miyendo yofooka, ena odwala shuga amene amadzuka kangapo usiku. Pali amayi amene samasuka kupita okha kubafa lopanda loko, makolo a ana aang'ono, ndi munthu amene watsegula m'mimba ali paulendo. Onsewa chimbudzi chapafupi amachiona ngati mankhwala.

Yankho lachitatu ndi lotichititsa manyazi ife olandira alendo. Mlendo akasuzumira m'chimbudzi cha onse n'kupeza ntchentche, fungo, pansi ponyowa, chitseko chopanda chotsekera, pampope palibe sopo, amabwerera mwakachetechete n'kukadzitsekera m'galimoto yake. Sakangana ndi munthu, koma wagamula mlandu.

Choncho apaulendo ambiri sasankha chimodzi n'kutaya chinzake. Masana amapita kubafa la onse, usiku amagwiritsa ntchito lawo. Chimene chimapendeketsa sikelo ndi ukhondo wa malo athu. Ndipo pano pali mfundo imene eni malo ambiri saiona: chimbudzi cha onse chikakhala chauve, kabokosi ka mlendo kamadzaza msanga, ndipo zonse zimene zili m'menemo zidzatsala m'nthaka yathu yomweyi. Mlendo sabwerera nazo kwawo.

Kabokosi kadzaza

Izi ndidaziona ndi maso anga tsiku lachiwiri madzulo. Bambo aja adatulukira akukoka kabokosi kotuwa ka matayala awiri, kooneka ngati sutikesi, n'kufunsa mnyamata wosamalira malowo komwe angakakhuthule. Mnyamatayo, posafuna kukhumudwitsa mlendo, adaloza kuseri kwa bango. Bambowo adaima kaye mokayika. Mwamwayi pafupi padali mayi wina wa komiti ya madzi, amene adadzuka msanga n'kufotokoza kuti kuseri kwa bangolo ndi padooko pomwe amayi a m'mudzimo amatsukira mbale ndipo ana amasambirapo. Pambuyo pokambirana, kabokosiko adakakhuthulira m'chimbudzi chokumba cha antchito.

Mnyamata uja ndilibe naye mlandu. Palibe adamuuzapo kuti m'kabokosimo mumakhala chiyani, ndipo pamalopo padalibe dzenje lokonzedwera ntchito imeneyi. Eni malo adaganizira za mthunzi, magetsi ndi zakumwa zozizira, koma za kumene zinyalala za mlendo zidzapite adaiwala.

Mundikhululukire, owerenga anga, pokumbutsa mwambi wa makolo uja wakuti kamba amanyera yemwe wam'tola. Kamba nayenso amayenda ndi nyumba yake. Ife tikam'tola mlendo wotere ndi manja awiri, monga mwambo wathu umanenera, tiyenera kudziwiratu kuti pali china chimene adzatisiyire, ndipo tikonzeretu pochilandirira.

M'kabokosi muja simukhala chimbudzi chokha. Eni galimoto amathiramo mankhwala amadzimadzi, kawirikawiri obiriwira ngati thambo, oletsa fungo. Ena mwa mankhwalawa amakhala ndi formaldehyde, yemwe amapha tizilombo tosaoneka ndi maso. Vuto n'lakuti amapha toipa ndi tabwino tomwe. Dzenje la chimbudzi chamadzi limagwira ntchito chifukwa cha tizilombo timene timawoletsa zinyalala, ndipo mankhwala otere akachuluka, ntchito yowoletsayo imafooka, dzenje n'kuyamba kununkha ndi kudzaza msanga. Akathiridwa m'madzi amavulaza nsomba. Tikumbukire kuti kummwera kwa nyanja yathu kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Alendo amabwera kudzaona nsomba zomwezo.

Ngakhale popanda mankhwala, malita 20 a chimbudzi chosawola okhuthulidwa pafupi ndi dooko si nkhani yamasewera. Sitidaiwale kolera imene idayamba ku Malawi mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Anzathu a ku Lusaka akukumbukira momwe bwalo la zamasewera la Heroes lidasandukira chipatala cha odwala kolera kumayambiriro kwa 2024. Tizilombo ta matendawa sitifunsa kuti chimbudzi chachokera kwa mlendo kapena kwa mwini mudzi.

Zimene mudzi ungachite

Ena akamva zonsezi angaganize kuti kulandira alendo a matenti ndi magalimoto n'kwa anthu a ndalama okha. Si choncho. Ku Namibia, lamulo la mu 1996 lidapatsa anthu a m'midzi mphamvu zosamalira nyama zakutchire ndi kupindula ndi alendo, ndipo midzi ingapo idatsegula malo awoawo ogona apaulendo. Amodzi mwa malo otchuka oyendetsedwa ndi anthu a m'deralo ali pa mapiri a miyala a Spitzkoppe, m'chipululu momwe madzi ndi osowa. Pamenepo pogona alendo pali zimbudzi zokumba zopanda madzi, ndipo mashawa ali malo amodzi pafupi ndi polandirira alendo. Komabe anthu ochokera kutali amafikako chaka ndi chaka. Mlendo safuna matailosi onyezimira. Amafuna ukhondo, chitseko chotsekeka ndi kuuzidwa zoona.

Choyamba, tsono, ndi chimbudzi chabwino cha onse. Nzeru yake tili nayo kale m'chigawo chathu chino. M'zaka za m'ma 1970, Dr Peter Morgan wa ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe adakonza chimbudzi chokumba chokhala ndi paipi yotulutsa mpweya, chomwe ambiri amachitcha chimbudzi cha Blair. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa paipi imakoka fungo kuchokera m'dzenje. M'kati mwa kanyumba mumakhala kamdima, kotero ntchentche za m'dzenje zimathamangira kuwala kwa kumapeto kwa paipi, komwe zimatsekeredwa ndi kasefa ka waya mpaka kufa. Chimbudzi chotere chikamakolopedwa tsiku ndi tsiku, pakhomo pali mpondagiya ndi sopo, chimaposa chimbudzi chamadzi chimene madzi ake adasiya kutuluka mwezi watha.

Chachiwiri ndi malo okhuthulira timabokosi tija. Likhale dzenje lapadera, lokhala ndi silabu ndi chivundikiro, lotalikira mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, mjigo, mtsinje kapena nyanja, ndipo likhale kumunsi kwa chitsime osati kumtunda kwake. Pansi pa dzenjelo pasafike pafupi ndi madzi a m'nthaka. Alangizi amati pakhale mpata wa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. M'mphepete mwa nyanja, momwe mchenga umamwa madzi msanga ndipo madzi a pansi ali pafupi, n'kofunika kuitana mlangizi wa zaumoyo asanakumbe. Pakhale ndowa kapena mpope wapadera wotsukira kabokosi, ndipo mpope umenewo usakhale womwe anthu amatungapo madzi akumwa. Pomaliza, pakhale chikwangwani chooneka bwino, kuti mlendo asafunse mnyamata amene sakudziwa.

Chachitatu n'cha inu alimi amene muli ndi zimbudzi za manyowa, zija za maenje awiri osinthanasinthana kapena zija mumabzalapo mtengo dzenje likadzaza. Musalole kuti kabokosi ka mlendo kakhuthulidwe m'menemo. Zimbudzi zimenezi zimadalira dothi, phulusa ndi tizilombo towoletsa, ndipo sizifuna madzi ambiri. Mankhwala ophera tizilombo angaononge manyowa amene mwawadikira chaka chathunthu.

Chachinayi ndi madzi osambira ndi otsukira mbale. Awa si oopsa ngati a m'kabokosi, koma akangotayidwa pamchenga amabweretsa fungo, ntchentche ndi udzudzu. Kumbani dzenje n'kulidzaza ndi miyala kuti madziwo azilowa pansi, kapena alozeni kumapando a nthochi ndi mitengo ya mthunzi. Musathirire nawo ndiwo zamasamba zodyedwa zosaphika. Madzi ochokera kubafa la onse atha kutsata njira yomweyo, ndipo posakhalitsa nthochizo mudzazigulitsa kwa alendo omwewo.

Chachisanu ndi njira ya usiku. Kanjira kolambulidwa, nyale ya sola pakhomo la chimbudzi, loko wa m'kati, mbali ya amayi yosiyana ndi ya abambo, chogwirira cha okalamba pakhoma: zonsezi mtengo wake ndi wochepa, koma ndi zimene zimachititsa mlendo kusiya chimbudzi chake n'kugwiritsa ntchito chathu. Za madzi otentha, malo ambiri m'chigawo chino amatenthetsa mgolo wa malita 200 ndi nkhuni. Njirayi imagwira ntchito koma imadya mitengo, choncho ikani nthawi yoyatsa moto m'mawa ndi madzulo, ndipo ndalama zikapezeka gulani chotenthetsera cha dzuwa.

Madzi ali ndi eni ake

Patsala nkhani imodzi imene makomiti sayenera kuchita nayo manyazi. Mlendo akamanyamuka amafuna kudzaza thanki yake. Ndowa zisanu zija zimachokera pamjigo womwewo umene amayi amaimapo pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo mjigowo ukaonongeka amasonkha ndalama ndi eni mudzi. Si kupanda ulemu kuika mtengo pa madzi odzaza m'thanki, kapena kunena kuti m'miyezi ya October ndi November, chitsime chikatsika, mlendo atunge ndowa ziwiri zokha. Ndalama imeneyo ilowe m'thumba lokonzetsera mjigo, ndipo ilembedwe m'buku.

Musaope kuti mlendo akwiya. Ambiri mwa iwo kusowa kwa madzi akukudziwa. Mu 2018 anthu a mumzinda wa Cape Town adalamulidwa kugwiritsa ntchito malita 50 okha munthu mmodzi patsiku chifukwa cha chilala. Munthu amene adapyola m'zimenezo sangadabwe ndi chikwangwani chomupempha kuti asambe mwachangu. Chimene chimakwiyitsa mlendo ndi kulipira madzi otentha n'kupeza mpope wouma popanda womuchenjeza.

Komanso tisamange bafa lokongola la alendo pomwe sukulu ya m'mudzi momwemo ilibe chimbudzi. Ntchentche sidziwa malire a mpanda. Ikachoka patchire pomwe mwana wadzithandizira imakatera pambale ya mlendo, ndipo ikachoka kuseri kwa bango imakatera pansima yathu. Gawo la ndalama za pachipata likamapita ku zimbudzi za m'mudzi, onse awiri atetezedwa.

Bambo ndi mayi aja adandiuza kuti adabwera ndi maganizo okhala sabata yathunthu, pakuti malowo adawakonda. Adanyamuka tsiku lachitatu. Sadadandaule za chakudya kapena za anthu, koma adati sangakhale pomwe alibe kokhuthulira kabokosi kawo popanda kuvutitsa antchito. Msodzi amene ankawagulitsa chambo, mayi wa tomato ndi mnyamata amene adagwirizana naye zowaperekeza pabwato, onse adataya malonda a masiku anayi chifukwa cha dzenje limodzi losakumbidwa.

Mlonda uja adafunsa chifukwa chimene munthu wokhala ndi bafa lake amakasambira kubafa la onse. Yankho n'lakuti palibe munthu, ngakhale wolemera chotani, amene amayenda ndi chitsime kapena dzenje. Madzi amene amasamba ndi athu, ndipo nthaka imene imalandira zotsala zake ndi yathu. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. N'zoona, koma zimene amasiya m'nthaka si mame. Pamsonkhano wotsatira wa komiti yanu, musanakambe za mtengo wa pachipata, yambani mwagwirizana pomwe mukumbe dzenje.